Mashoko a Galimoto Zakale: Musanamasule Bawuti Yoyamba

Galimoto ikawomba bampu n'kupitiriza kudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi, pagalaja sipakhala mtsutso: mashoko atha. Dzina lake lonse ndi shock absorber, koma amakaniko amangoti shoko. Pa galimoto ya masiku ano nkhaniyo ndi yaifupi. Mumatchula mtundu wa galimoto kusitolo, amakupatsani mashoko awiri, makaniko amamasula akalewo n'kumanga atsopanowo, dzuwa lisanapendeke mwanyamuka.

Galimoto ya zaka 50 kapena 60 ndi nkhani ina. Morris Minor, MGB, Volkswagen Beetle, Land Rover ya Series ndi Peugeot 504 zonse zili ndi mashoko, koma amasiyana maonekedwe, kamangidwe ndi udindo womwe. Pa zina shoko ndi chubu chabe chomangidwa ndi mabawuti awiri. Pa zina ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi mkono, ndipo mkonowo ndi umene wagwira gudumu kuti lisapendekere kunja. Mafunso ake ndi atatu: kodi shokoyo yathadi, kodi ikugwiranso chiyani kupatula ntchito yake, nanga m'malo mwake mulowe chiyani? Funso lachiwirilo ndi limene limavulaza anthu. Lachitatu ndi limene eni galimotozi samvanapo mpaka lero.

Ntchito yeniyeni ya shoko

Dzinali limasocheretsa. Chimene chimalandira nkhonya ya bampu si shoko ayi, ndi tayala pamodzi ndi sipulingi. Sipulingi ndi imene yasenza galimoto. Gudumu likakwera mwala, sipulingi imafinyika n'kusunga mphamvu ija, kenako imaibweza. Vuto lake sipulingi sidziwa kuleka. Ikabweza, galimoto imakwera kupitirira pamene inali, n'kutsika, n'kukweranso, kangapo konse isanakhazikike. Shoko inaikidwa kuti idule kubwerezabwerezaku.

Imatero pokakamiza oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Amene anagwirapo jakisoni wopanda singano wodzaza madzi akudziwa mmene zimakhalira: mukakankha pang'onopang'ono madzi amatuluka osavuta, mukakankha mwadzidzidzi chala chimamva kulimba. M'kati mwa shoko muli pisitoni ya timabowo totsekedwa ndi timbale topyapyala tachitsulo, timene timatseguka oyilo akatikankha mokwanira. Mphamvu ya sipulingi imathera pokankha oyiloyo, ndipo imasanduka kutentha. N'chifukwa chake shoko yamoyo imafunda galimoto ikayenda mtunda pamsewu wa fumbi. Imodzi ikakhala yozizira pamene inzake zafunda, ndi yokayikitsa.

Mashoko ambiri amalimba kwambiri potambasuka kusiyana ndi pofinyika. Gudumu liyenera kukwera bampu mosavuta kuti nkhonyayo isafike kwa okwera, koma sipulingi isaloledwe kubweza mwaukali. Munthu wosadziwa izi akagwira shoko yatsopano n'kuona kuti ikulowa mofewa koma ikuvuta kukoka, amaganiza kuti amugulitsa yakufa.

Kukhala bwino pampando ndi phindu laling'ono. Phindu lalikulu ndi lakuti tayala lisachoke pamsewu. Malo amene tayala limakhudza pansi ndi aakulu ngati chikhatho basi, ndipo mabuleki ndi chiwongolero zimadalira timalo tinayi timeneto. Gudumu likamanjanja m'mwamba, ngakhale kwa kamphindi, silingagwire buleki ndipo silingakhote.

Mmene mashoko anafikira pamene ali

Galimoto zoyamba zinatengera masipulingi a malifu ku ngolo za akavalo. Malifuwo akamapindika amakhulana okhaokha, ndipo kukhulanako kunkachepetsako kudumpha. Liwiro litakula, zimenezi sizinakwanenso. Njira yoyamba inali kuwonjezera kukhulana komweko. Shoko ya Hartford, imene inafala kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1900 mpaka m'ma 1930, inali ngati sizasi: mikono iwiri yachitsulo yokumana pa timbale tothinitsidwa ndi nati. Mwini galimoto ankamanga kapena kumasula natiyo malinga ndi msewu. Ku America, kampani ya Gabriel inatulutsa mu 1907 lamba wokulungidwa amene ankalola gudumu kukwera koma n'kuligwira pobwerera.

Shoko yokhulana ili ndi chilema chobadwa nacho. Imalimba kwambiri pamene isanayambe kuyenda, ndiye timabampu tating'ono imatipereka tonse kwa okwera, pamene pa bampu yaikulu mphamvu yake siwonjezeka. Oyilo amachita mosemphana ndi zimenezi, n'chifukwa chake anapambana. Mfalansa Maurice Houdaille anapanga shoko ya oyilo yokhala ndi mkono wozungulira, ndipo Ford itaiika pa Model A, imene inatuluka kumapeto kwa 1927, shoko ya oyilo inasanduka chinthu cha munthu wamba.

Ku Britain kunafala shoko ya mkono ya mapisitoni awiri, makamaka ya kampani ya Armstrong. Ndi imene ili pa Morris Minor, yopangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, ndi pa MGB, yopangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980. Koma nkhondo yachiwiri itatha, shoko ya chubu, yolowa ndi kutuluka ngati pampu ya njinga, inayamba kulanda malo chifukwa inali yotsika mtengo kupanga ndipo inkataya kutentha msanga. Mu 1953 Mfalansa wina, Christian Bourcier de Carbon, anateteza mwalamulo luso lake la shoko ya chubu chimodzi yopopedwa mpweya wa nayitirojeni, ndipo mu 1957 Mercedes-Benz inayamba kuika mashoko otere opangidwa ndi Bilstein. Pofika nthawiyi njira ya Earle MacPherson, yolowetsa shoko m'kati mwa sipulingi n'kupanga mzati umodzi wogwira gudumu, inali itaonekera kale pa Ford Consul ndi Zephyr mu 1950. Mzati umenewu ndi umene amati strut.

Pali galimoto zina zimene nkhani yonseyi siikhudza. Citroën DS ya 1955 ilibe shoko yapayokha. Ntchitoyo imachitika m'mipira yachitsulo ya mpweya ndi oyilo. Morris 1100 ndi ma Mini ena a m'ma 1960 ali ndi njira ya madzi yotchedwa Hydrolastic. Ofuna shoko pansi pa galimoto zimenezi angafufuze mpaka dzuwa kulowa.

Kodi shokoyo ikugwiranso chiyani?

Land Rover ya Series, imene inayamba mu 1948 n'kutha mu 1985, ndi yosavuta kuposa zonse. Ekiselo yagwidwa ndi malifu, shoko ndi mlendo chabe. Diso lake, mphete ya kumapeto kwa shokoyo, limalowa pa chitsulo chotulukira kunja, pakati pa mabushi awiri a labala, n'kutsekedwa ndi washala ndi kapini kopinda miyendo, kapena ndi bawuti ndi nati. Mukaichotsa palibe chimagwa. Beetle, imene inkapangidwanso ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ili chimodzimodzi pa mitundu yake yambiri. Sipulingi yake ndi torsion bar, chitsulo chachitali chimene chimapotoka m'malo mofinyika, ndipo shoko imamangidwa payokha. Chofunika kusamala pa Beetle ndi chaka chake, chifukwa kamangidwe ka kutsogolo kanasintha cha m'ma 1965 ndi 1966 ndipo shoko yake inasintha nako. Mitundu ya 1302 ndi 1303 ili ndi strut kutsogolo.

MGB ndi Morris Minor ndi zimene zimapusitsa makaniko wozolowera galimoto za ku Japan. Kutsogolo kwa MGB, mkono wa shoko ndi womwewo umene wagwira kumtunda kwa gudumu. Sipulingi yozungulira yakhala pa mkono wapansi, ndipo kulemera kwa galimoto kukachoka, chimene chikuiletsa kutambasuka ndi mkono wa shoko womwe uja. Munthu akakweza galimoto n'kumasula bawuti yolumikiza mkonowo popanda jeki pansi pa mbale ya sipulingi, sipulingiyo imafwamphuka ngati msampha, gudumu limagwera kunja, ndipo paipi ya labala ya mabuleki ndi imene imatsala italendewetsa chitsulo chonsecho. Pa Morris Minor palibe sipulingi yozungulira kutsogolo, pali torsion bar, koma lamulo ndi lomwelo: mkono wapansi uli ndi mphamvu yopotoka, ndipo uyenera kukhala pa jeki mkono wa shoko usanamasulidwe.

Peugeot 504 inatuluka mu 1968, ndipo inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000, Ulaya ataiiwala kalekale. Mbiri yake pamisewu ya mu Africa, kuphatikizapo kupambana mpikisano wa Safari Rally mu 1975, inachokera kwambiri ku masipulingi ake ataliatali ofewa ndi mashoko ogwirizana nawo. Kutsogolo kwake kuli strut. Pa strut nati ya pakati kumtunda ndi imene yatsekera sipulingi yofinyidwa. Nati imeneyo simasulidwa mpaka sipulingi itagwidwa ndi zopanira zake, zimene amati spring compressor. Kumanga sipulingi ndi waya kapena chingwe, monga ena amachitira pansi pa mtengo wa mango, ndi kuseweretsa nkhope ndi zala.

Palinso udindo wina wobisika. Pa galimoto zambiri za masipulingi ozungulira kumbuyo, shoko ndi imene imaletsa ekiselo kutsika kupitirira malire. Mukamasula mashoko onse awiri galimoto ili m'mwamba, ekiselo imagwa, masipulingi amatuluka m'malo mwake, ndipo paipi ya mabuleki imakokeka. Land Rover ya Series ndi MGB zili ndi malamba kumbuyo ogwira ntchito imeneyi. Malambawo akaduka, ntchitoyo imagwera shoko, imene sinapangidwire zimenezo, ndipo yatsopano ija imafa msanga mwini wake n'kumadandaula za kusitolo.

Kudziwa ngati yathadi

Njira yodziwika ndi yokankha kona ya galimoto pansi kangapo n'kusiya. Galimoto iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Njirayi imagwira shoko yofa kotheratu, koma yofooka imatha kupulumuka, chifukwa dzanja silingayendetse pisitoni mwaliwiro la pamsewu. Pa Land Rover ya malifu ouma ndi adzimbiri siuza kanthu n'komwe, popeza galimotoyo singadumphe ngakhale mashoko atachotsedwa.

Zizindikiro zina ndi zodalirika. Tayala limatha mwamawangamawanga, penapake lodyeka penapake ayi, dzanja likamadutsa n'kumamva timapiri. Galimoto imagwada kwambiri pogwira mabuleki, imayendera mbali pa misewu ya timizere tonga nthiti, ndipo imayandama ngati bwato ikathamanga. Oyilo woyenderera mpaka pansi pa chubu ndi umboni wokwanira. Kachinyezi kochepa kogwira fumbi kumtunda kwa chubu si mlandu, chifukwa ndodo ya pisitoni imatuluka ndi oyilo pang'ono nthawi zonse.

Kugogoda kwa gu! gu! kawirikawiri si shoko. Ndi bushi imene yatha, bawuti yomasuka, kapena chitsulo chogwirira shoko chimene chang'ambika ndi dzimbiri. Pa shoko ya mkono ndi bwino kuyamba ndi mabawuti anayi omangira kabokosi kakutsogolo, chifukwa amadziwika ndi kumasuka. Kenako mupukute bwinobwino pa chotsekera chake, mutsegule, muone oyilo. Mashoko a mkono ambiri amene anthu amawataya amangokhala ndi ludzu. Mukathira oyilo n'kupopa mkono pang'onopang'ono kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, uyenera kulimba njira yonse popanda malo opepuka. Ngati oyilo akutuluka pamene mkono walowera m'kabokosi, kapena mkonowo ukugwedera cham'mbali, ndiye kuti yofunika kukonzedwa ndi odziwa kapena kusinthidwa.

Kuchotsa: nkhondo ndi dzimbiri

Ntchito imayamba dzulo lake. Manati amene akhala zaka makumi osakhudzidwa amafunika kukwechedwa ndi bulashi ya waya ndi kuthiridwa mafuta olowerera m'mazinga, n'kuwasiya agone. Amene alibe mafutawo, dizilo kapena parafini amathandizako.

Kenako masipanala. Peugeot ndi Volkswagen ndi za mamilimita, palibe vuto. Galimoto za ku Britain ndi zosakaniza. MGB ndi ya mainchi. Morris Minor ndi Land Rover zili ndi mabawuti ena a muyeso wakale wa Whitworth ndi BSF, umene nambala ya pa sipanala imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wake. Sipanala yolembedwa 1/4 W ili ndi kamwa la mamilimita 13.3. Sipanala ya 13 silowa, ya 14 imalowa mogwedera n'kudya makona a nati. Nati ikasanduka yozungulira, ntchito ya theka la ola imadya tsiku lonse. Bobojani amachita chimodzimodzi. Soketi ya makona asanu ndi limodzi ya muyeso woyenera ndi imene imapulumutsa.

Galimoto ikhale pamalo olimba ndi osalala, magudumu otsala pansi atatchingidwa, ndipo bodi kapena chasisi ikhale pa masitandi. Jeki ndi yokwezera, si yogonera pansi pake. Njerwa zimaphwanyika popanda kuchenjeza. Jekiyo, itamasuka, ipite pansi pa ekiselo kapena mkono wapansi n'kukweza pang'ono mpaka bawuti ya shoko itapepuka. Bawuti yofuna hamala kuti ituluke nthawi zambiri imakhala kuti yapanikizika ndi kulemera, ndipo kukweza kapena kutsitsa jeki pang'ono kumaimasula.

Ndi bwino kugwira mbali imodzi n'kusiya inayo ngati buku. Mawashala ndi mabushi ali ndi ndondomeko yake, ndipo chithunzi cha pafoni chojambulidwa musanamasule chilichonse chimathetsa mkangano madzulo.

Mavuto awiri amabwera kawirikawiri. Loyamba ndi ndodo ya shoko yozungulira pamodzi ndi nati yake. Kunsonga kwa ndodoyo kumakhala malo ophwatalala ogwirira ndi kasipanala kakang'ono. Pa shoko yotayidwa mutha kugwira ndodo ndi pulayala kapena kudula natiyo. Pa yatsopano musayerekeze, chifukwa kakanda kamodzi pa ndodo yosalalayo kamang'amba labala yotsekera oyilo. Lachiwiri ndi bawuti yomatirira ndi dzimbiri m'kachubu kachitsulo ka m'kati mwa bushi. Imazungulira koma situluka. Apa sowo yodulira zitsulo, yolowetsedwa mbali zonse ziwiri za diso, imaposa hamala, imene imangopinda chogwirira.

Moto umamasula nati youma, koma uli ndi malire ake. Shoko ya mpweya isawotchedwe, ngakhale itatayidwa kale, chifukwa itha kuphulika. Kumbuyo kwa galimoto zambiri, thanki ya mafuta ndi mapaipi ake zimakhala pafupi ndi mashoko.

Shoko ikachoka, m'pamene diso liyenera kuyendera malo amene inali. Chitsulo chogwirira shoko chimasunga matope ndipo chimadyeka cham'kati. Shoko yakufa sinkachikoka. Yatsopano idzachikoka ndi mphamvu zonse.

Kumanga yatsopano

Choyamba ndi kuyerekeza yakale ndi yatsopano, zitafinyidwa komanso zitatambasulidwa. Kufanana kwa maso ndi mabawuti sikukwanira. Shoko yaitali kwambiri imafika pansi labala yoletsa ekiselo isanagunde, ndipo nkhonya yonse imathera pa mavalavu ake. Yaifupi imakokeka gudumu likalowa m'dzenje. Nkhani imeneyi imakula pamene zipangizo zenizeni zikusowa ndipo wogulitsa akupereka shoko ya galimoto ina ponena kuti imalowa. Kulowa imalowadi, koma inapangidwira kulemera kwina ndi sipulingi ina.

Shoko ya machubu awiri ikagona m'bokosi miyezi yambiri, mpweya umalowa kumene kuyenera kukhala oyilo. Iimikidwe mmene idzakhalire pa galimoto, ipopedwe kangapo mpaka kulimba kwake kutamveka njira yonse, ndipo isagonekedwenso. Shoko yotereyi simangidwa chadodolido. Ya mpweya imabwera itamangidwa ndi kalamba. Ndi nzeru kumanga mbali imodzi kaye, n'kudula kalambako ndodo italunjika pa bowo lake.

Mabushi akhale atsopano. Girizi wamba amaononga labala, ndiye ngati bushi ikuvuta kulowa, madzi a sopo ndi okwanira. Pa Land Rover mabushi atsopano amakhala onenepa moti bowo la kapini limabisika, ndipo pamafunika kufinya washala ndi chopanira kuti liwonekere. Ena amathawa ntchitoyi pobwezera mabushi akale, ndipo kugogoda kumabwerera sabata yomweyo. Pa shoko ya ndodo yolowa pakati pa mabushi awiri, nati imangidwe mpaka labala itafufuma kufanana ndi washala wake, osapitirira.

Cholakwika chofala kwambiri chili pa kumanga komaliza. Bushi ya kachubu kachitsulo m'kati sizungulira pa bawuti; labala yake ndi imene imapotoka. Mukaimangitsa galimoto ili m'mwamba magudumu ali lende, ndiye kuti potsitsa galimoto labalayo imapotoka n'kukhala choncho usana ndi usiku, ndipo imang'ambika pa miyezi yochepa. Mabawuti amangidwe mongogwira, galimoto itsitsidwe, igwedezedwe kangapo, ndipo kumangitsa kuchitike kulemera konse kuli pa magudumu. Kumene strut yamasulidwa, kapena mkono wa shoko wogwira gudumu, kaimidwe ka magudumu kayezedwenso.

Zimene anthu samvana

Pa mfundo imodzi pafupifupi onse amavomerezana: mashoko amasinthidwa awiriawiri pa ekiselo imodzi. Yatsopano kumanzere ndi yotopa kumanja zimapangitsa galimoto kukhota mosiyana mbali ziwirizo. Zinazo ndi mtsutso.

Waukulu ndi wa oyilo ndi mpweya. Pa msewu wa timizere shoko imapopa kambirimbiri pa mphindi imodzi, oyilo amatentha n'kuchita thovu, ndipo thovu limadutsa m'timabowo popanda kulimba. Galimoto imayamba kuyandama ngakhale mashoko ali atsopano. Mpweya wa nayitirojeni umapanikiza oyilo kuti asachite thovu. Zimenezi n'zodziwika, ndipo kwa Land Rover yoyenda misewu ya fumbi ya kumidzi tsiku ndi tsiku ndi phindu lenileni. Otsutsa amaloza mtengo wake. M'shoko ya chubu chimodzi mpweya umapanikizika kuposa kakhumi mpweya wa m'tayala, ndipo umakankha ndodo kunja ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 20. Pa galimoto yolemera zimenezo sizimveka. Kutsogolo kwa Beetle, kumene kulibe injini, eni ake ambiri amadandaula kuti galimoto imauma ndipo imanjanja pa timiyala. Chubu chimodzi chilinso ndi vuto lakuti mwala ukachiphwanya pang'ono pisitoni imakanirira, pamene pa machubu awiri chakunja chimalandira bala popanda kuononga ntchito. Pakati pa ziwirizi pali shoko ya machubu awiri ya mpweya wochepa, imene makampani monga Monroe, Gabriel ndi KYB amagulitsa kwambiri. Kwa galimoto yopepuka yoyenda pa tala Lamlungu lokha, ya oyilo wamba ndi yokwanira, ndipo ndi imene imasunga kayendedwe kamene galimotoyo inabadwa nako.

Mtsutso wachiwiri ndi wa eni MGB ndi Morris Minor: kodi shoko ya mkono ichotsedwe kuti kulowe ya chubu? Zipangizo zosinthira zilipo, ndipo Spax ndi dzina lotchuka pa nkhaniyi. Ozikonda amati shoko ya mkono ili ndi oyilo wochepa, imatentha msanga, ndipo mapisitoni ake amayenda kamtunda kakang'ono moti kudyeka pang'ono kumamveka kwambiri kugudumu. Otsutsa amati anthu amayerekeza shoko ya mkono yakufa ndi ya chubu yatsopano, n'kumati ya chubu ndi yabwino. Amakumbutsanso kuti kutsogolo kabokosiko sikangachoke, popeza mkono wake ukugwira gudumu. Kamangochotsedwa valavu n'kutsala ngati chogwirira, ndipo shoko ya chubu imamangidwa pa zitsulo zowonjezera, mopendekeka, pamalo amene opanga galimoto sanawalimbitsire zimenezo. Mfundo ya otsutsayi ndi yolemera. Pa liwiro la pamsewu wamba, shoko ya mkono yokonzedwa bwino imagwira ntchito yake, ndipo kwa osunga galimoto monga inatulukira kufakitale, kusinthako kumatsitsa mtengo wake. Kumene okonza mashoko a mkono kulibe ndipo kuitanitsa ku Britain n'kodula, nkhani imasintha, makamaka kumbuyo, kumene shoko ilibe udindo wina.

Za oyilo wothira m'shoko ya mkono, chodziwika ndi chakuti akhale wopepuka, wa mtundu wa SAE 20, monga wa m'mafoloko a njinga yamoto kapena wa m'jeki, ndipo asakhale madzi a mabuleki, amene amaononga labala zake. Ena amathira wolemera kuti shoko yotopa ilimbe. Imalimbadi, koma katundu yense amapita pa mkono, pa mabawuti ndi pa zotsekera oyilo. Ofuna kulimba kwenikweni amasintha valavu.

Mabushi a polyurethane nawo ali ndi owakonda. Amakhalitsa ndipo saopa oyilo, koma salola kupindika ngati labala, ndiye phokoso ndi nkhonya zimafika ku chogwirira. Pa chitsulo chopyapyala cha zaka 60, kufewa kwa labala ndi chitetezo.

Opanga mashoko ena amalangiza kusintha pa makilomita 80,000. Amakaniko ambiri amati chiwerengerocho ndi cha ogulitsa, ndipo shoko isinthidwe ikatha. Pa galimoto yakale makilomita sauza zambiri mbali zonse ziwiri. Yoyenda msewu wa fumbi itha kumaliza mashoko isanafike theka la mtundawo. Yokhala m'galaja zaka khumi imatha kuonongeka osayenda: labala zimauma, ndipo kachigawo ka ndodo kamene kali kunja kamachita dzimbiri, limene limadzang'amba chotsekera oyilo tsiku loyamba kutuluka. Chifukwa chomwecho chimakhudza shoko zosagwiritsidwapo ntchito zimene zagona m'bokosi la fakitale kuyambira m'ma 1970, ndi zogulidwa kwa ophwasula galimoto. Zisanalipiridwe, ziimikidwe, zikokedwe mpaka kumapeto, chala chiyende pa ndodo yonse, ndipo zipopedwe kangapo kuti zimveke ngati pali malo opepuka.